Mwamugwira, koma mwaigwira nkhani yake?

Amene amamvera nkhani za pa wailesi m'Chingerezi adalimvapo liwu lakuti apprehend. Limatuluka kawirikawiri mneneri wa apolisi akamafotokoza za munthu amene amuganizira mlandu, kaya ndi wakuba ng'ombe, kaya ndi wozembetsa katundu pa chipata cha Songwe. Nkhani yomweyo ikamawerengedwa m'Chichewa timamva kuti apolisi agwira, amanga, kapena, monga atolankhani athu amakondera kunena, anjata munthu. Motero ambiri a ife timalidziwa liwuli ngati liwu la unyolo ndi chitokosi basi.

Ife tidakumana nalo koyamba kwina, m'kalasi ku sukulu ya ubusa, zaka pafupifupi 40 zapitazo. Mphunzitsi wathu wa Chipangano Chatsopano, bambo wokonda Chingerezi chakale, ankati akatha kumasulira ndime yovuta ankavula magalasi n'kutifunsa ngati tachita apprehend zimene wanena. Tsiku loyamba mnzathu wina, amene asadamve maitanidwe adali wapolisi, adayang'ana kukhomo kuti aone amene wathawa. Tidaseka, naye mphunzitsi adaseka, koma kenaka adatiuza kuti mnzathuyo sadalakwe kwenikweni, pakuti liwuli lili ndi ntchito zonse ziwiri: kugwira munthu ndi manja, ndi kugwira nkhani ndi nzeru.

Angerezi adalitenga ku Chilatini, chiyankhulo cha Aroma, kumene prehendere kudali kutambasula dzanja n'kugwira chinthu. Patsinde limeneli padaphuka mawu ena amene mukawaika pamodzi simungakhulupirire kuti ndi a bere limodzi. Prison, ndende, ndi malo osungirako amene wagwidwa. Apprentice ndi mnyamata amene akuphunzira ukalipentala kapena umakaniko pamapazi a mmisiri, kufikira dzanja lake litagwira luso. Comprehend ndi kumvetsa chinthu mbali zonse, monga mayi afungatira mtolo wa mpunga ndi manja awiri. Palinso apprehension, limene pamwamba pa kumanga ndi kumvetsa limatanthauzanso nkhawa, mantha a chinthu chimene sichidafike. Ndende, sukulu ndi mantha zidatuluka m'nyumba imodzi.

Tisaganize kuti nzeru imeneyi ndi ya Angerezi okha. Makolo athu adaiona kalekale. Timagwira wakuba, timagwira ntchito, timagwira mwendo tikamapepesa, timagwira tambala pakamwa tikalawirira ulendo. Mphunzitsi akatha kulongosola samu amafunsa kuti, mwaigwira? Munthu wobwera mochedwa pabwalo timati sadagwire mutu wa nkhani. Zinthu zikatisokoneza timagwira njakata, wochenjera amatigwira m'maso, ndipo usiku tikamva chikuwa timagwidwa ndi mantha. Matanthauzo atatu onse aja tili nawo m'liwu lathu limodzi, ndipo sitidachite kubwereka.

Chimene chatichititsa kulemba za liwuli patsamba la mapemphero n'chakuti Chipangano Chatsopano nacho chili ndi liwu lotere. M'Chigiriki ndi katalambano, ndipo limapezeka m'malo amene Mkhristu aliyense amawadziwa. Pa Marko 9:18 ndi liwu limene bambo wa mnyamata wodwala akugwiritsa ntchito pofotokoza mmene mzimu woipa umamugwirira mwana wake n'kumugwetsa pansi. Pa Yohane 8:3 ndi 4 ndi liwu la mkazi amene adagwidwa m'chigololo. Pa 1 Atesalonika 5:4 ndi la tsiku lopeza munthu modzidzimutsa ngati mbala. Konseku ndi kugwira kwa mphamvu. Koma pa Machitidwe 10:34, Petro ali m'nyumba ya Korneliyo, msilikali wachiroma, akugwiritsa ntchito liwu lomwelo kunena kuti tsopano wazindikira kuti Mulungu alibe tsankho. Pa Aefeso 3:18 Paulo akupempherera abale kuti amvetse kukula kwa chikondi cha Khristu, ndipo liwu lake ndi lomwelinso.

Ndime imene idavutitsa omasulira koposa ndi Yohane 1:5, pamene mlaliki akukamba za kuunika ndi mdima. Kodi mdima udalephera kuchita chiyani? Baibulo lachingerezi la Mfumu James, la 1611, lidasankha comprehended, potsata Chilatini cha Jerome. Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, lidatsata njira ya kuzindikira. Koma Revised Standard Version, imene Chipangano Chatsopano chake chidatuluka mu 1946, idasankha overcome, kugonjetsa. New International Version idati understood m'kope la 1984, n'kusintha kukhala overcome mu 2011. Akatswiri akhala akukangana kuti cholondola n'chiti. Ife tikuona kuti Yohane, amene amakonda mawu a nkhope ziwiri, adafuna zonse. Mdima sudamvetse kuunika, ndipo chifukwa chosamvetsa udayesa kukugwira ndi manja m'munda wa Getsemane, koma kumenekonso udalephera. Kumene nzeru yalephera kugwira, manja amathamangirako.

Anthu a ku Karonga safunika kuphunzitsidwa za kugwira kwa manja. Dziko la Angonde lidakuona ndi maso. Mlozi, wamalonda a minyanga ndi akapolo, adamanga linga lake pafupi ndi mtsinje wa Rukuru, ndipo anzake Kopakopa ndi Msalemu adamanga awo chapafupi. Mu 1887 Angonde ambiri amene adathawira m'mabango a ku Kambwe adaphedwa mabangowo atayatsidwa moto, ena adagwidwa ukapolo. Nkhondo ya pakati pa Mlozi ndi kampani ya African Lakes, imene Monteith Fotheringham ndi Frederick Lugard adamenya nawo, idatha mu 1889 popanda wopambana weniweni. Mu Disembala 1895 asilikali a Harry Johnston adagumula lingalo, Mlozi adagwidwa, adaweruzidwa pamaso pa mafumu a Angonde, nanyongedwa. Wogwira anzake adagwidwa naye. Wogula akapolo sankafunsa dzina la munthu, kwawo, kapena ngati wasiya mwana woyamwa. Ankaona mapewa ndi mano. Umenewo ndiwo ukapolo pachimake pake: kugwira munthu popanda kufuna kudziwa kuti ndi yani.

Tikadakonda kunena kuti zimenezi zidathera mu 1895. Koma boma lathu lino lakhala likutchuka m'manyuzipepala ndi mbiri ina yochititsa manyazi, ya anthu achikulire ogwidwa, kumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, powaganizira ufiti. Si Karonga yekha. Dziko lonse lidagwidwa tsemwe mu Januwale 2016 pamene agogo anayi adaphedwa ku Neno mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Koma ife tikulankhula za kwathu, chifukwa ndiko kumene timalalikira, ndipo ambiri mwa amene amatola miyala adabatizidwa ndi manja athu.

Chaka china, tikutumikira mpingo wina wa kumudzi, adatidzutsa m'mamawa kuti tithamangire kumaliro a mwana wa zaka zinayi. Tidapeza anthu sali pasiwa. Adali atazungulira nyumba ya gogo wina wamasiye, membala wa mpingo wathu, amene adali atamutulutsa kale panja n'kumukhazika padothi, chitenje chitang'ambika. Mlandu wake udali wakuti masiku atatu m'mbuyomo adakumana ndi mwanayo panjira ya kumjigo, n'kumusisita kumutu. Usiku womwewo mwana adatentha thupi, mawa lake adayamba kukomoka. Wina adalota gogoyo. Umboni udathera pamenepo.

Amene adapulumutsa gogoyu si ife, tiyenera kuvomereza. Ife tidafika ndi mawu ambiri ndipo palibe amene adatimva. Adali mkulu wa mpingo wina wokalamba, msodzi wopuma, amene adangotenga mpando, nakhala pafupi ndi gogoyo, nayamba kufunsa mayi wa mwana ndi mawu otsika. Mwana adayamba liti kutentha thupi? Adamupatsa chiyani? Kuchipatala adapita naye tsiku liti? Ankagona m'masikito? Pang'onopang'ono nkhani idatuluka: mwana adakhala masiku awiri panyumba chifukwa ndalama ya njinga yakabaza padalibe, ndipo atafika kuchipatala adokotala adati ndi malungo aakulu, ofika kuubongo, ndipo adafika naye mochedwa. Kapepala ka kuchipatala kadali m'thumba la bambo wa mwanayo nthawi yonseyi. Anthu adayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akung'ung'udza. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma tsiku limenelo tidaona kuti dambo lomwelo ndi limene ana athu akuliyatsa.

Taonani mmene matanthauzo atatu aja adakumanirana pabwalo limenelo. Poyamba padabwera mantha, pakuti imfa ya mwana imaopsa, ndipo mtima wa kholo sulola kuti chinthu chachikulu chotere chichitike ndi udzudzu chabe. Mantha adafuna yankho msanga. Kumvetsa kumafuna nthawi, mafunso, ndi kulimba mtima kovomereza kuti mwina tidachedwa tokha, kapena kuti umphawi ndiwo udatichedwetsa. Kugwira gogo kumafuna manja anayi basi. Ndiye anthu adasankha chapafupi. Ndipo onani amene amagwidwa: si mwini sitolo, si mphunzitsi wamkulu, si munthu wa ana aamuna asanu. Ndi wamasiye, wokhala yekha, wosamva bwino, nthawi zina woiwalaiwala chifukwa cha ukalamba, nthawi zinanso wokhala ndi munda wa mpunga umene achibale akuusirira.

Sitikulemba kuti tikangane ndi awerengi za kukhalapo kapena kusakhalapo kwa mphamvu za mdima. Malemba amazitchula, ndipo m'busa amene wakhala m'midzi sangazinyoze ndi nthabwala. Koma taonani zimene Ambuye Yesu adachita pa Marko 9. Atamubweretsera mnyamata wogwidwa ndi mzimu woipa, sadafunse kuti wamulodza ndani. Sadatume ophunzira kukasaka gogo m'mudzimo. Adafunsa bambo wake kuti vutoli lidayamba liti, funso lomwe lija la msodzi wathu, kenaka adachiritsa mwanayo, namugwira dzanja, namuimiritsa. M'Mauthenga onse anayi mulibe pamene Yesu adaloza munthu chala kuti ndiye mfiti.

Karonga yemweyu ali ndi umboni wa zimene kufunsa modekha kumabala. Kale khate linkatengedwa ngati temberero, ndipo odwala ankasalidwa. Mu 1979 ku Chilumba kudayamba kafukufuku wa khate, amene pambuyo pake adadziwika ndi dzina lakuti Karonga Prevention Study. Ogwira ntchito yake adayenda nyumba ndi nyumba m'boma lino kwa zaka zambiri, kupima anthu, kulemba ndi kubwereranso. Mwa zina adapeza kuti katemera wa BCG, amene timamudziwa ngati wa chifuwa chachikulu, amatetezako ku khate, ndipo zimene adapeza ku Chilumba zimawerengedwa ndi madokotala mpaka ku London. Palibe gogo amene adamenyedwa kuti khate lichepe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu amenewa adadekha zaka makumi angapo.

Malamulo a dziko nawonso sali chete. Lamulo la za ufiti la 1911, ngakhale ndi la nthawi ya atsamunda ndipo ambiri amalidandaula, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma chimene chimatikhudza kwambiri ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994. Limati munthu wogwidwa auzidwe msanga chifukwa chimene wagwidwira, m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo aonekere kukhoti pasadathe maola 48. Amene adalemba gawoli adamangirira pamodzi matanthauzo awiri a liwu lathu lija. Boma likhoza kugwira munthu, koma liyenera kumumvetsetsa chifukwa chake, ndipo liyenera kumupereka kwa woweruza amene ntchito yake ndi kugwira nkhani. M'boma ngati lathu, kumene gogo wa ku Ngerenge angamve Chingonde chokha, wa ku Chilumba Chitumbuka, mawu akuti chiyankhulo chimene amamva si okongoletsera chabe. Tikudziwa kuti si nthawi zonse pamene maola 48 amasungidwa, ndiponso kuti anthu amatopa akaona woganiziridwa mlandu watuluka pa belo mawa lake. Kutopa kumeneko n'komveka. Koma belo si kumasulidwa ku mlandu, ndipo gulu la anthu olusa lilibe maola 48, lilibe womasulira, lilibe apilo.

Tsono tisaloze apolisi ndi anyamata a m'midzi okha. Nafenso atsogoleri a mpingo tili ndi bwalo lathu, ndipo nkhani ya pa Yohane 8 imatiyang'ana m'maso. Ophunzira Malemba amadziwa kuti ndime imeneyi mulibe m'mipukutu yakale kwambiri ya Yohane, koma mpingo udaisunga, ndipo tikuthokoza kuti udatero. Alembi ndi Afarisi adabwera ndi mkazi, akunenetsa kuti wagwidwa ali mkati mochimwa. Ngati zidali choncho, mwamuna adali kuti? Chilamulo cha pa Levitiko 20:10 ndi Deuteronomo 22:22 chimatchula onse awiri. Adagwira amene adali wosavuta kugwira, ndipo Yohane akutiuza kuti cholinga chawo sichidali chilungamo koma kumutchera Yesu msampha. Kodi m'mabwalo athu a sesheni zimasiyana? Mtsikana woyembekezera amagwidwa ndi mimba yake, sangabisale. Amaimitsidwa ku Mgonero mwezi womwewo. Mwamuna, amene kawirikawiri ndi wamkulu kwa iye, nthawi zina wokwatira, nthawi zina woimba kwaya, amakhala pa benchi lake Lamulungu lotsatira. Ndi kangati pamene tidafunsa mtsikanayo zaka zake, amene ankamulipirira fizi, ndiponso ngati adavomera kapena adakakamizidwa? Ngati sadakwane zaka 18, nkhaniyo si ya sesheni yokha, ndipo kuibisa m'buku la mpingo ndi kuteteza wolakwa.

Munthu amene adalimvetsa liwuli kuposa onse ndi Paulo, chifukwa adalidutsa mbali zonse. Adali wogwira anthu. Machitidwe 9 akutiuza kuti adapempha makalata kwa mkulu wa ansembe kuti akamange otsatira Yesu ku Damasiko, amuna ndi akazi, n'kubwera nawo ku Yerusalemu. Sankadziona ngati chigawenga. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti nkhani waigwira, kuti akutumikira Mulungu. Anthu oopsa kwambiri pabwalo la gogo uja sadali oledzera. Adali amene sankakayika konse. Panjira ya ku Damasiko wogwira uja adagwidwa, nakhala masiku atatu wosaona, akuchita kumugwira dzanja pomulowetsa mumzinda umene adabwera kudzagwiramo anthu.

Patapita zaka, ali m'ndende, adalembera Afilipi, ndipo pa 3:12 ndi 13 adagwiritsa ntchito katalambano katatu. Apa ndi pamene Baibulo la Mfumu James lidaika apprehend, ndipo Buku Lopatulika lidaika kugwira. Mfundo yake ndi yakuti iye akuthamangira kuti agwire chimene Khristu adamugwirira, koma sadziyesa kuti wachigwira kale. Mtumwi wamkulu, wokhazikitsa mipingo, wolemba makalata amene timawerenga paguwa, akuvomera kuti sadafike. Chokhacho chimene akutsimikiza n'chakuti iye wagwidwa. Saulo wa makalata a mkulu wa ansembe ankadziwa zonse ndipo ankamanga anthu. Paulo wa kundende akuti akuphunzirabe, ndipo sitimvanso kuti adagwira munthu pakhosi. Ife tikukhulupirira kuti kumeneku ndiko kutembenuka mtima kumene mipingo ya ku Karonga ikukusowa, kuyambira paguwa.

Choncho tikupempha abusa anzathu, a mipingo yonse, kuti aleke kulandira m'maguwa awo aneneri amene mphatso yawo ndi kutchula maina a olodza. Ulosi wotere wapasula mabanja ambiri, ndipo wotchulidwa amakhala wosauka nthawi zonse. Tikupempha akulu a mpingo kuti maliro a mwana kapena a wachinyamata akachitika, ena mwa iwo akakhale kunyumba ya wokalamba aliyense wokhala yekha m'dera limenelo, usiku woyamba womwewo, manong'onong'o asadakule. Tikupempha mafumu athu, kuyambira anyakwawa mpaka kubwalo la Kyungu, kuti mlandu wa ufiti ukafika kwa iwo ayambe afunsa kapepala ka kuchipatala. Ndipo makolo amene mukuwerengera ana anu tsambali madzulo ano, afunseni zimene amamva kwa anzawo za agogo a pamudzi panu. Mudzadabwa.

Gogo uja sadaphedwe, koma sadagonenso m'nyumba yake. Mwana wake wamkazi adabwera kudzamutenga, ndipo adamwalira patapita zaka ziwiri kutauni, kutali ndi munda wake, umene lero ukulimidwa ndi ena. Mwa amene adamukokera panja mudali amayi ovala yunifolomu ya mpingo Lachinayi ndi anyamata amene tidawaphunzitsa katekisimu. Maina awo tinkawadziwa onse. Tidauzana kuti tidikire mitima izizire, ndipo itazizira tidaona ngati si bwino kudzutsa nkhani yakale. Tidalitsegulanso posachedwapa buku la sesheni la chaka chimenecho. Mwezi umenewo mudalembedwa milandu iwiri, yonse ya atsikana oyembekezera, ndipo pansi pake pali siginecha yathu. Za gogo uja mulibemo.